Mvula yatseka bwalo: kodi karate ingaphunziridwe m'chipinda cha lendi?

Funso lachokera kwa mnyamata wa zaka 23 wa ku Ndirande. Iye akuti: "Ndakhala ndikuphunzira karate ya Shotokan kwa chaka chimodzi ndipo ndili ndi lamba wachikasu. Kalabu yathu imakumana pabwalo la mpira madzulo, koma chiyambireni mvula mu Disembala takumana kanayi kokha. Ndimakhala m'nyumba ya lendi, chipinda chimodzi ndi kabalaza kakang'ono. Mayeso a lamba ali mu Epulo ndipo kata yake ndi Heian Nidan. Kodi pali chimene ndingachite m'nyumba, kapena ndingodikira kuti mvula ithe?"

Achimwene, musadikire. Kuchoka Disembala kukafika Epulo ndi miyezi inayi, ndipo munthu amene wangophunzira chaka chimodzi akakhala nthawi yonseyo osaima n'komwe mu zenkutsu dachi, kaimidwe kopinda bondo lakutsogolo, miyendo imaiwala. Mutu umakumbukira ndithu kuti ukatha gedan barai, kutchinga chakumunsi, pamabwera oi zuki, nkhonya yoponya ukupita kutsogolo, koma ntchafu zimayamba kunjenjemera pa sitepe yachisanu, chiuno chimauma, mapewa amakwera m'makutu. Ndaziona chaka ndi chaka kwa ophunzira anga. Amene amasowa nyengo yonse ya dzinja amabwera mu Meyi ngati alendo, ena manyazi amawagwira n'kusiyiratu.

Koma sindikufuna kungokuuzani kuti chipinda chanu n'chongogwirizira podikira bwalo. Pali ntchito ina ya karate imene pabwalo imanyalanyazidwa, chifukwa pagulu aliyense amafuna kuthamanga, kukuwa ndi kuponya mateche okwera kuti anzake amuone. Ntchito imeneyo ndi ya kaimidwe, ya chiuno, ya kupuma, ndi ya kubwereza chinthu chimodzi mwapang'onopang'ono mpaka thupi litachimvetsa. Imafuna malo ochepa, bata ndi kudekha. Mvumbi ukakutsekerani m'nyumba, zitatu zonsezi mwazipeza.

Karate yeniyeniyo inakulira m'malo opanikizika. Kwawo ndi ku Okinawa, chilumba cha kumwera kwa Japan, komwe mzinda wa Naha umalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pachaka, kuposa kawiri imene imagwa ku Lilongwe, ndiponso kumawomba anamondwe pafupifupi chaka chilichonse. Gichin Funakoshi, amene anayambitsa Shotokan yanuyo, anabadwa mu 1868 ndipo ali mnyamata ankayenda usiku kupita kwa mphunzitsi wake Anko Asato. Ankaphunzira kuseri kwa nyumba, powala ndi nyali, akubwereza kata imodzi, ndondomeko yoloweza ya masitepe, zotchinga ndi nkhonya, kwa miyezi. Atapita ku Tokyo mu 1922 analibe dojo, nyumba yophunziriramo karate. Ankakhala pa nyumba yogona ophunzira ochokera ku Okinawa yotchedwa Meisei Juku, akusesa ndi kuyang'anira pamalopo, ndipo ophunzira ake oyamba ankawaphunzitsira m'chipinda cha panyumba yomweyo. Bwalo la mpikisano la mamita 8 mbali zonse limene mumaliona pa kanema ndi la posachedwa. Anthu amene anaumba luso limeneli analibe.

Tiyambe ndi pansi, chifukwa m'nyumba zathu choopsa chachikulu ndi simenti. Ngati pansi panu pamapakidwa polishi wofiira uja, musayerekeze kuchitirapo karate. Ine ndinathyoka fupa la padzanja ndili ndi lamba wabulauni chifukwa cha zimenezi. Ndinkachita mawashi geri, kuponya mwendo mozungulira, pabalaza popaka polishi, thukuta litadontha, phazi loimira linaterereka ndipo ndinagwera dzanja. Ndinakhala milungu isanu ndi umodzi ndili ndi pulasitala. Choncho sankhani malo amene sapakidwa polishi, kapena pemphani akunyumba kuti asiye kupaka mbali imodzi mpaka mvula itatha. Chitani opanda nsapato ndiponso opanda sokosi. Mkeka ndi mphasa musayale, chifukwa zimayenda pansi pa phazi mukatembenuka. Ikani nsanza youma pafupi kuti muzipukuta thukuta likagwa, ndipo ngati denga limadontha, yang'anani pansi musanayambe, osati mutagwa kale. Simenti siibweza ngati udzu, ndiye zodumphadumpha ndi zopondetsa chidendene mwamphamvu zisiyeni. Maondo ndi akakolo anu muwafunabe muli ndi zaka 50.

Kenako yezani malo. Imani pakati, tukulani mwendo mwapang'onopang'ono kutsogolo, kumbali ndi kumbuyo, kwezani manja m'mwamba. Chilichonse chimene mwakhudza chichoke: tebulo, ndowa, chingwe choyanikira zovala, babu lolendewera. Mukapeza mamita awiri mbali zonse, mwapeza dojo. Mbaula ituluke panja musanayambe. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndipo sununkha, ndipo munthu amene akupuma mwamphamvu amaukoka wochuluka. Mutu umayamba kupweteka, chizungulire n'kubwera, ena amakomoka osadziwa chachitika. Tsegulani windo ngakhale kukuzizira. Ngati pali ana pakhomo, auzeni akhale pabedi n'kumaonerera, chifukwa mwana amathamangira kumbuyo kwa munthu mwakachetechete, ndipo ushiro geri, kuponya mwendo kumbuyo, siona.

Musayambe ndi thupi lozizira. Tengani mphindi zisanu ndi zitatu kapena khumi mukuyenda pamalo amodzi mokweza maondo, mukuzunguza mapewa, chiuno ndi akakolo, mukunjuta ndi kudzuka, mukuponya mwendo wowongoka kutsogolo ndi kumbali mosakakamiza. Thukuta likayamba kutuluka pamphumi ndiye kuti mwakonzeka. Zotambasula minofu mokhalitsa, monga kukhala pansi n'kutangadza miyendo, muzichite kumapeto pamene thupi latentha.

Tsopano kaimidwe, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene alamba achikasu ambiri amagwera pamayeso. Heian Nidan ndi kata ya kokutsu dachi. Mukangoyamba mwalowa kale m'kaimidwe kameneka, ndipo mubwereramo mobwerezabwereza. Thupi limayenera kutsamira mwendo wakumbuyo, magawo asanu ndi awiri mwa khumi, atatu okha kutsogolo. Zidendene zikhale pa mzere umodzi, phazi lakutsogolo liloze kumene mukupita, lakumbuyo liloze kumbali, ndipo bondo lakumbuyo likhale pamwamba pa phazi lake, lisagwere mkati. Pabwalo la udzu n'kovuta kuona ngati zidendene zili pamzere. M'nyumba n'kosavuta: jambulani mzere ndi choko kapena khala pasimenti, kapena tsatani mng'alu umene ulipo kale. Imani pamenepo, msana wowongoka, kwa masekondi 30, musinthe mwendo. Pakatha mlungu muwonjezere mpaka mphindi imodzi, kenako ziwiri. Nayi njira yodziyesera: muli mu kokutsu dachi, tukulani phazi lakutsogolo pang'ono. Ngati thupi lonse layamba ladzikokera kumbuyo kuti phazilo lidzuke, ndiye kuti munatsamira kutsogolo ndipo simunali mu kokutsu.

Chitani chimodzimodzi ndi zenkutsu dachi, momwe magawo asanu ndi limodzi mwa khumi amakhala kutsogolo, mapazi atatalikirana m'mbali ngati m'lifupi mwa chiuno, chidendene chakumbuyo chitakanirira pansi. Ndiponso kiba dachi, kaimidwe ka wokwera hatchi, momwe miyendo yonse imasenza mofanana, mapazi ataloza kutsogolo, maondo atakankhidwira kunja. Ntchafu zidzatentha ngati mwazithira tsabola. Kutentha kwa minofu n'kwabwino, pirirani. Koma ululu wobaya mkati mwa bondo ndi chenjezo. Dzukani, konzani phazi kuti liloze kumene bondo laloza, ndipo ukapitirira siyani tsiku limenelo.

Ophunzira ena amandifunsa kuti kungoima chabe kumathandiza chiyani pomwe pomenyana munthu saima. Yankho langa n'lakuti kaimidwe ndi pofikira pa sitepe iliyonse. Mwendo umene sungakusenzeni kwa mphindi imodzi utaima, sungakugwireni mukafika mothamanga. Mudzadzuka m'mwamba pakati pa sitepe, mutu udzakwera ndi kutsika, ndipo woyesa mayeso amaona zimenezo asanaone n'komwe manja anu.

Pa chiuno, gyaku zuki ndiye mphunzitsi wamkulu, ndipo siifuna sitepe ngakhale imodzi. Imani mu zenkutsu dachi, mwendo wamanzere kutsogolo. Tchingani ndi dzanja lamanzere chiuno chitatembenukira kumbali, kumene timati hanmi. Kenako kankhani pansi ndi chidendene chakumbuyo, chiuno chizungulire kuyang'ana kutsogolo, nkhonya yamanja ituluke chifukwa chiuno chayiponya. Bondo lakutsogolo lisagwedezeke. Yambani mochedwa kwambiri, kuwerenga mpaka zinayi nkhonya isanafike, kakhumi. Kenako kakhumi mwa liwiro lapakati, kenako kakhumi mwamphamvu. Mvetserani lamba wanu: ngati chiuno chikugwira ntchito, nsonga za lamba zimakwapula mbali ndi mbali. Ngati zangolendewera, mukumenya ndi phewa lokha. Dzanja lobwerera, hikite, likokeni mwamphamvu yofanana ndi lomenya, chigongono chikhudze nthiti podutsa. Kuti muone ngati chigongono chikuthawira kunja, imani mbali yanu itayandikira khoma, mpata wa chikhatho chimodzi, n'kumenya. Chikagunda khoma mwadziwa vuto lanu. Chinthu chimodzi chofunika: pomenya mphepo musawongole chigongono mpaka kumapeto mwamphamvu. Siyani kampata kakang'ono, minofu ndiyo iimitse nkhonya, osati fupa. Anthu ambiri ophunzira okha amadzipweteka pamenepa.

Mateche a m'nyumba akhale ochedwa. Ndikudziwa kuti mtima umafuna liwiro, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Gawani mae geri, kuponya mwendo kutsogolo, panayi: kwezani bondo, wongolani mwendo zala zitapindikira m'mwamba, bwezani phazi pafupi ndi bondo linalo, tsitsani pansi. Gawo lililonse masekondi awiri. Ikani ndowa yozondotsa kutsogolo kwa phazi lanu, kuti ngati simukweza bondo muigunde. Ikani inanso nthawi ya yoko geri, kuponya mwendo kumbali, mutagwira khoma ndi dzanja limodzi. Mateche khumi otere mwendo uliwonse amatopetsa kuposa makumi asanu othamanga, ndipo amalimbitsa timinofu ta m'chiuno timene timakweza mwendo. Mu Heian Nidan muli yoko geri keage yoponyera limodzi ndi uraken, kumenya ndi kumbuyo kwa nkhonya, pa kuyenda kwachisanu ndi chiwiri. Pamenepo ambiri amadzandira chifukwa amathamangira kutsitsa phazi asanalibweze. Bwerezani malo amenewo okha: kokerani phazi theka la sitepe, nyamulani bondo, ponyani, bwezani, imani ndi mwendo umodzi masekondi atatu, kenako tsikirani mu kokutsu dachi ndi shuto uke, kutchinga ndi m'mphepete mwa chikhatho. Mukatha kuima osagwedezeka m'masekondi atatuwo, gawo lovuta la kata yanu mwalithetsa.

Nanga kata yonse, poti siikwana m'chipinda? Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuidula m'zidutswa. Heian Nidan ili ndi mayendedwe 26, ndipo asanu ndi limodzi oyambirira amachitikira pafupifupi pamalo amodzi, atatu kumanzere, atatu kumanja. Amenewo mutha kuwachita ngakhale pakati pa bedi ndi chitseko. Kutembenuka kwakukulu kumene kumabwera mukatha nukite, kubaya ndi nsonga za zala, ndi kiai yoyamba, kukuwa kwa mu kata, kwa madigiri 270, nakonso kumafuna malo ochepa. Kuchiteni kokha kakhumi, mukuonetsetsa kuti mutu wayamba kuyang'ana thupi lisanatembenuke, ndiponso kuti simukudzuka m'mwamba. Chidutswa chilichonse chikakhazikika, chilumikizeni ndi chotsatira.

Njira yachiwiri ndi kusinthanitsa mapazi pamalo amodzi. Pamene kata ikuti pitani kutsogolo, kokerani phazi lakutsogolo kumbuyo kufika pamene pali linzake, kenako tulutsani linalo kutsogolo. Mwasintha mwendo koma simunasunthe. Motero mutha kuchita kata yonse kuyambira pa yoi, pokonzeka, mpaka pa yame, pomaliza, m'malo a mamita awiri. Njira imeneyi imasunga ndondomeko ndi kapumidwe, koma ndikuchenjezeni kuti ili ndi vuto lake. Siiphunzitsa kukankha thupi kupita kutsogolo, ndipo mukaizolowera kwambiri masitepe anu amafupika. Choncho muziigwiritsa ntchito ngati chokumbutsa, ndipo tsiku lililonse limene kunja kwauma, kachiteni kata yonse pamalo otakasuka ndi masitepe ake enieni.

Mukaona kuti ndondomeko mwaigwira, dzisokonezeni dala. Yambani mutayang'ana khoma lina. Ambiri amaloweza kata pogwiritsa ntchito zimene akuona pabwalo, monga golo kapena mtengo wa mango, ndipo tsiku la mayeso akalowa mu holo yachilendo amasochera. Ichiteni mutatsinzina, mwapang'onopang'ono. Ichiteni mozondoka, kuyambira kumanja m'malo mwa kumanzere. Magetsi akazima musati tsiku lapita. Ndi nthawi yabwino yomvetsera mapazi anu mumdima, bola ngati pansi mwachotsa kale zonse.

Mwina mudzamva anthu akunena kuti kata ya malo opanikizika ndi Tekki, imene ku Okinawa amaitcha Naihanchi. N'zoona. Imayenda pa mzere umodzi, kumanja ndi kumanzere basi, mu kiba dachi, ndipo imakwana ngakhale mu kakhonde. Funakoshi anathera zaka zambiri pa kata zitatu za Tekki, ndipo Choki Motobu, amene ankadziwika ndi ukatswiri pomenyana, ankaidalira kwambiri. A karate ya mtundu wa Goju-ryu ali ndi Sanchin, ya masitepe ochepa ndi kupuma kozama. Koma inu musathamangire kuziphunzira pa YouTube. Nthawi yake idzakwana, ndipo chimene mwaphunzira molakwika panokha chimatenga nthawi yaitali kuchichotsa kuposa kuchiphunzira koyamba. Tengani nzeru yake yokha: imani mu kiba dachi, dutsitsani phazi limodzi patsogolo pa linzake, tulutsani linalo kumbali, mufikenso mu kiba dachi mutu osakwera. Pitani ndi kubwerera. Ndipo kwa owerenga ena amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, zopuma mokakamiza thupi lonse litaumitsidwa ngati za Sanchin musazichite musanafunse dokotala.

Za mphamvu, anthu a ku Okinawa anali ndi zida zawo zopangira pakhomo, zimene amazitcha hojo undo. Chi ishi ndi mwala wozikidwa pa ndodo. Nigiri game ndi mitsuko imene amaigwira kukamwa ndi nsonga za zala n'kumayenda nayo. Zonsezi mutha kuzipeza ku Ndirande komweko osagula kanthu kodula. Chigubu cha malita asanu chodzaza madzi chimalemera makilogalamu asanu. Nyamulani ziwiri, chimodzi dzanja lililonse, mapewa atatsika, n'kumalowa ndi kutuluka mu zenkutsu dachi. Chi ishi mutha kuumba ndi chitini chaching'ono, simenti ndi mpini wa khasu, mutakhoma misomali iwiri kumapeto kwa mpiniwo kuti simenti igwire. Yambani ndi yopepuka, makilogalamu awiri akwana, ndipo wina amene anaigwiritsapo ntchito akuonetseni kagwiridwe kake. Malegeni a tchubu cha njinga ndi abwino kwambiri pa gyaku zuki: mangani ku chitsulo cha pawindo kumbuyo kwanu, gwirani mbali inayo m'nkhonya, menyani mochedwa. Ayang'aneni kaye ngati sanayambe kung'ambika, chifukwa akaduka amakwapula kumaso. Onjezani ma push-up, zonjuta ndi zolimbitsa pamimba, ndipo zakwana.

Khoma musamenye. Ndikunena izi motsindika chifukwa anyamata ambiri amaganiza kuti kumenya njerwa kumalimbitsa nkhonya. Makiwara, thabwa lomenyapo la ku Okinawa, linapangidwa kuti lizigonja likamenyedwa, n'chifukwa chake limakhala lopyapyala kumtunda ndipo limakulungidwa ndi chingwe cha udzu. Khoma siligonja. Mphamvu yonse imabwerera m'mafupa a zala ndi padzanja, ndipo malipiro ake amabwera mutakula, pamene zala zikukana kugwira cholembera.

Foni yanu ikhale diso la mphunzitsi. Itsamiritseni pa mpando, dzijambuleni kuchokera kumbali ndi kutsogolo kamodzi pamlungu. Mudzadabwa kuona kuti kokutsu dachi imene mumaimva ngati yatsika kwambiri ili m'mwamba, ndi kuti phewa lamanja limakwera nkhonya isanatuluke. Sankhani cholakwika chimodzi chokha, mugwirepo ntchito mlungu wonse. Ngati mphunzitsi wanu avomera, mtumizireni kanemayo pa WhatsApp. Ine ophunzira anga akanditumizira ndimasangalala, chifukwa pa kanema ndimatha kubwereza malo amodzi kasanu, chimene pabwalo la anthu makumi atatu sinditha.

Za kiai, ganizirani aneba. M'nyumba za mdadada khoma ndi limodzi, ndipo kukuwa usiku kungakuyambanitseni ndi eni nyumba. Chofunika mu kiai ndi mpweya wotuluka mwachidule kuchokera pansi pa mchombo, mimba itauma panthawi imene nkhonya yafika. Zimenezo zimatheka popanda mawu. Koma mvula ikamawomba malata mwamphamvu moti simukumvana ndi munthu ali pafupi, pamenepo kuwani ndi mtima wonse. Palibe amene angakumveni.

Tsopano ndikuuzeni chimene chipinda sichingakupatseni, kuti musadzinamize. Sichingakuphunzitseni maai, mpata woyenera pakati pa inu ndi mdani, kapena nthawi yoyenera kutchinga. Zimenezo zimafuna munthu wamoyo amene akubwera ndi nkhonya yeniyeni. Mutha kuyandikirako pang'ono pomangirira mpira wachikulunga ku denga ndi chingwe, pa msinkhu wa nkhope, n'kumaukankha kuti muziuzinda ndi kuubwezera. Zimathandiza maso ndi mapazi, koma mpira sunyenga ndipo suopsa. Ngati pali mnzanu wa kukalabu amene amakhala pafupi, muzikumana kawiri pamlungu. M'malo a mamita awiri mutha kuchita kihon ippon kumite, wina kumenya kamodzi, wina kutchinga ndi kubwezera, mwapang'onopang'ono ndi modziletsa. Kumenyana momasuka m'chipinda ayi, makona a bedi ndi mawindo ali pafupi kwambiri.

Ndipo kalabu yanu ikambirane. Kukumana kanayi m'miyezi iwiri n'kochepa kwa anthu amene akuyembekezera mayeso. Mutu umodzi susenza denga: mukasonkha pang'onopang'ono mutha kupempha kalasi ya pasukulu kapena holo ya tchalitchi Loweruka lililonse m'mawa, poti mvula yathu imakonda kugwa masana ndi madzulo. Kusintha nthawi kokha, kuchoka 5 koloko madzulo kupita 6 koloko m'mawa, kumapulumutsa masiku ambiri. Mukapatsidwa malo, sesani ndi kukolopa musanayambe ndi mukamaliza, ndipo bwezani madesiki m'malo mwake. Ku Japan ophunzira amapukuta okha pansi pa dojo, ndipo kuno mwambo umenewo ndi umene ungachititse a hedi kukulolani kubweranso.

Pali nkhani imene imakambidwa kwambiri yoti Funakoshi ali mnyamata anakwera padenga pa nthawi ya namondwe, atanyamula mphasa ya tatami, kuti ayese kulimba kwa kaimidwe kake polimbana ndi mphepo. Anyamata akaimva amafuna kukachita kata pamvula kuti aoneke olimba mtima. Kamvula kowaza kopanda mabingu sikapha munthu, ngakhale kuti matope amathyola akakolo. Koma mabingu akangomveka, chokani pabwalo nthawi yomweyo. Bwalo la mpira ndi malo oyera pomwe munthu woimirira ndiye wamtali kuposa zonse, ndipo mphenzi imapha anthu m'dziko muno dzinja lililonse. Musabisale pansi pa mtengo, ndipo khonde lotseguka si pothawira. Lowani m'nyumba, mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Mukafunsa kuti muzichita nthawi yaitali bwanji, ndinganene kuti mphindi pafupifupi 40, masiku asanu pamlungu. Khumi zoyamba kutenthetsa thupi, zisanu kaimidwe, khumi nkhonya, zotchinga ndi mateche ochedwa, khumi zidutswa za kata, zotsalazo mphamvu ndi kutambasula. Tsiku limene mwaweruka mochedwa ndipo mwatopa, chitani mphindi khumi zokha, koma chitani. Anko Itosu, mphunzitsi winanso wa Funakoshi amene anakonza kata za Pinan zomwe inu mumazitcha Heian, analemba kalata mu 1908 momwe anafanizira kuphunzira karate ndi ng'ombe yoyenda pang'onopang'ono imene pamapeto pake imafika kutali. Maola atatu a Lamlungu lokha sangafanane ndi theka la ola la tsiku ndi tsiku. Sankhani nthawi imodzi yosasintha, valani lamba ngakhale mwavala kabudula, weramani poyamba ndi pomaliza monga mumachitira pamaso pa mphunzitsi. Kuwerama kumeneko kumauza mutu kuti pano si pabalaza tsopano, ndipo foni ikalira simuyankha.

Thupi likatentha, mutu ukamapweteka kapena mukamamva kuphwanya m'mfundo, musaganize kuti thukuta lichotsa. Dzinja ndi nyengo ya malungo. Pitani mukayezetse, mumalize mankhwala, ndipo mubwerere ku karate pang'onopang'ono mphamvu zikabwerera. Gi yanu, chovala choyera cha karate, musaisiye yonyowa m'chikwama chifukwa imachita nkhungu yakuda imene siichoka pa nsalu yoyera. M'nyumba chitani ndi kabudula ndi tisheti, gi muisungire masiku a kalabu. Mukaichapa n'kuyanika panja, isiteni mbali zonse, makamaka m'misoko, kuopa mphutsi zija zimene ntchentche zimaikira pa zovala zonyowa. Mapazi muziwapukuta bwino pakati pa zala mukachoka m'matope, chifukwa zilonda za pamenepo zimalepheretsa munthu kutembenuka pa simenti kwa milungu.

Mayeso asanafike, pezani mpata wochita Heian Nidan yonse pamaso pa mphunzitsi wanu kosachepera katatu, ndipo mumuuze kuti mwakhala mukusinthanitsa mapazi pamalo amodzi, kuti ayang'anitsitse kutalika kwa masitepe anu. Kukacha bwino tsiku lina, ngakhale lisakhale la kalabu, itanani mnzanu uja mupite kubwalo. Yambani ndi kuyenda mu zenkutsu dachi kuchoka pa golo kukafika pakati pa bwalo, sitepe iliyonse yaitali ndi yotsika, kuti miyendo ikumbukire mtunda. Kenako kata, kenako gohon kumite, kumenya ndi kutchinga ndi mnzanuyo masitepe asanu, mpaka mitambo itayambanso kuda cha ku phiri.